Kulemba pa Kompyuta ndi Dzanja Limodzi: Mawu a Mlembi Wathu pa Msonkhano wa Kalabu

Pa msonkhano wathu wa mwezi uno, mlembi wa kalabu, amene anavulala dzanja m'chaka cha 2023, anatifotokozera mmene anabwererera pa ntchito yake yolemba. Mamembala a magulu akutali amene sanathe kubwera chifukwa cha mvula anatipempha kuti tiwalembere, ndiye nawa mawuwo monga anawalankhulira.

Zikomo a wapampando. Zikomo amayi ndi abambo, achinyamata, ndi inu agogo amene mwakhala kutsogoloku. Ndikuona ena akuyang'ana thumba ndabwera naloli. Si mbatata ayi, muli makiyibodi atatu, ndipo nditulutsa imodziimodzi tikamapita.

Ambiri a inu mukundidziwa. Ndine uja ndimakhala pa katebulo pafupi ndi msika, kulembera anthu ma requerimento, ma declaração, makalata ofunsira ntchito, ndiponso mauthenga a maliro ndi a ukwati amene timatumiza kuno ku wailesi. Ntchito imeneyi ndinaiphunzira ku Tete mu 1996, pa makina a taipi akale aja olira ngati akusula khasu. Aphunzitsi athu ankatiphimba manja ndi nsalu kuti tisaone mabatani, ndipo tinatuluka tikulemba ndi zala zonse khumi. Ana anga onse asukulu alipiridwa ndi zala zimenezo.

Mu 2023, mwezi wa February, ndinakwera njinga yamoto ya hayala pochokera kumaliro. Msewu unali woterera, tinagwa, ndipo dzanja langa lamanja linapanikizika pansi pa njingayo. Sindikudandaula za mnyamata ankayendetsayo, nayenso anathyoka mwendo. Kuchipatala anayesetsa, dzanja lilipo, mukulionali, koma zala zitatu sizipinda ndipo chala chachikulu chilibe mphamvu yogwira ngakhale supuni. Nditachoka kuchipatala ndinakhala miyezi iwiri osayandikira kompyuta. Tsiku limene ndinayesa, kalata ya mizere khumi inanditengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo mayi amene ankaidikira anatopa n'kupita kwa mnyamata wina wa tsidya la msewu. Usiku umenewo ndinauza mayi a kunyumba kuti basi, tigulitse kompyuta ndi printa, tigule mbuzi. Iwo anangoti, "Mbuzizo mudzazimanga ndi dzanja liti?" Ndiye ndinakhala chete.

Akulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo sindikutsutsa. Koma ine zinatsala zisanu, ndipo zimene ndikufuna kunena lero ndi mmene zisanuzo zingagwirire ntchito ya khumi. Sindikulankhulira ine ndekha. Muno muli amene anapwetekedwa ndi lamba wa chigayo, muli amene makolo awo anafa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, ndiponso tili ndi abale amene anataya mkono ndi mabomba okwirira a nthawi ya nkhondo, mabomba amene dziko lathu linalengeza kuti latha kuwachotsa mu 2015. Masiku ano mwana sangamalize sukulu osagwira kompyuta, ndipo ntchito ya mu ofesi iliyonse imafuna kiyibodi, kaya tekilado monga timanenera kuno.

Funso loyamba limene munthu adzifunse si lakuti ndigule chiyani. Ndi lakuti, kodi dzanjali lichira kapena ayi? Ngati mwangothyoka ndipo akumangani chikhakha cha masabata 6 kapena 8, musagule kanthu, musaphunzire njira yatsopano. Jompholani ndi dzanja linalo ngati nkhuku pa msere, masiku atha, mubwerera mwakale. Koma ngati adokotala anena kuti dzanja silidzabwereranso, pamenepo ndiye khalani pansi muganize bwino, chifukwa chimene musankhe mudzakhala nacho zaka.

Ndiyambe ndi chinthu chaulere, chimene ndikanachidziwa msanga sindikanataya miyezi iwiri ija. Vuto lalikulu la munthu wa dzanja limodzi si zilembo ayi. Ndi mabatani aja ofuna kugwira awiri nthawi imodzi. Kuti mulembe chilembo chachikulu mumagwira Shift kwinaku mukudina chilembocho. Kuti mulembe chizindikiro cha @ pa kiyibodi ya Chipwitikizi mumagwira AltGr, imene ili kumanja kwa batani lalitali lija, kwinaku mukudina 2 amene ali kutali kumanzere. Tayesani ndi dzanja limodzi, muona ngati mukutambasula chikopa. Ine ndinafika pogwira Shift ndi pensulo ya pakamwa, mdzukulu wanga n'kumaseka.

Komatu mu Windows muli kale mankhwala ake, ndipo akhalamo kuyambira pa Windows 95. Mukadina Shift kasanu motsatizana, pamatuluka kabokosi kofunsa ngati mukufuna kuyatsa Sticky Keys. Pa makompyuta a Chipwitikizi dzina lake limalembedwa Teclas Presas kapena Teclas de Aderência. Ambiri a inu kabokosi kameneka munakaonapo mwangozi n'kukatseka mwamantha, poganiza kuti mwaononga makina a eni. Mukavomera, Shift, Ctrl, Alt ndi batani la Windows zimayamba kudikira. Mumadina Shift, n'kuchotsa chala, kenako n'kudina chilembo, ndipo chimatuluka chachikulu. Mukadina Shift kawiri imakhala yogwira mpaka mutaidinanso. Pofuna @ ndimadina Ctrl, kenako Alt, kenako 2, chimodzichimodzi mosathamanga, popeza mu Windows Ctrl ndi Alt pamodzi zimagwira ntchito ya AltGr. Ngakhale Ctrl, Alt ndi Delete zija zotsegulira makompyuta a m'maofesi zimatheka choncho. Ine tsiku limene mphunzitsi wina wachitsikana wa ku sekondale anandionetsa zimenezi, ndinamufunsa kuti ndilipire zingati. Anati ngakhale metikali imodzi ayi. Amene mwabwera ndi zolembera, ngati mulemba chinthu chimodzi chokha lero, lembani chimenechi: Shift kasanu.

Pali mwayi winanso umene ife olemba Chipwitikizi tili nawo osadziwa. Zizindikiro za pamwamba pa zilembo, monga kanjoka ka pa ã kaja ndi kamzere ka pa é, zimalembedwa kale motsatizana. Mumadina chizindikiro, palibe chimatuluka, kenako mumadina chilembo, ziwirizo n'kukumana. Choncho mawu ngati declaração savuta ndi dzanja limodzi. Ç ali ndi batani lakelake pafupi ndi L. Kachizindikiro kathu ka mu ng'ombe ndi m'mudzi kali pafupi ndi 0, ndipo sikafuna Shift.

Tsopano ndituluse kiyibodi yoyamba. Iyi, onani. Mphwanga amene ali ku Joni atamva za ngozi yanga anafufuza m'masitolo, n'kupeza iyi yolembedwa pa katoni kuti ndi ya dzanja limodzi. Anaitumiza pa basi ndi mtima wabwino, ndipo ndinailandira ndi manja awiri, kapena ndinene kuti limodzi ndi theka. Ili ndi magetsi amitundumitundu, ndi kamtsamiro koikapo mkono. Koma taonani zilembo zake. Mzere wapamwamba ukuthera pa T, wapakati pa G, wapansi pa B. Ndi theka la kumanzere lokha. M palibe, O palibe, N palibe, I palibe. Ndiye kuti ngakhale mawu oti moni sungalembe, chifukwa zilembo zake zonse zinayi zili ku theka limene kulibe. Iyi ndi ya anyamata osewera magemu, amene dzanja lamanzere limayendetsa msilikali pomwe lamanja lili pa mausi. Wogulitsa sananame, ndi ya dzanja limodzidi, koma si yolembera makalata. Mukamatuma abale akunja, auzeni awerenge zilembo, zikwane 26.

Makiyibodi enieni opangidwira anthu a dzanja limodzi alipo. Ku Britain kuli a Maltron, amene anayamba m'zaka za m'ma 1970 ndi Lillian Malt ndi Stephen Hobday. Kiyibodi yawo ndi yokumbika ngati mbale, kuti chala chilichonse chifike pa mabatani ake dzanja lisanasunthe, ndipo pali ya lamanja ndi ya lamanzere. Zilembo anaziyala mwanjira yawoyawo, ndiye umayamba kuphunzira ngati mwana wa primeira classe. Amene ali nayo amaiyamikira. Koma mtengo wake ndi madola mazana angapo, usanawerengere zotumizira ndi za kasitomu, ndipo ikaonongeka batani limodzi palibe mmisiri kuno amene ali ndi lina. Kwa ine, munthu wa katebulo ka pamsika pomwe fumbi limalowa mpaka m'makutu, ndinaona kuti si yanga.

Pali njira ina yosafuna kugula chitsulo. August Dvorak, mphunzitsi wa pa yunivesite ku America amene anayala zilembo mwatsopano mu 1936, anakonzanso mayalidwe awiri a anthu a dzanja limodzi, lina la lamanja lina la lamanzere. Anasonkhanitsa zilembo zogwiritsidwa ntchito kwambiri pakati, manambala n'kuwakankhira kumbali. Mayalidwe amenewa ali kale mu Windows, mumangowasankha pamene timasankhira chilankhulo cha kiyibodi. Paja tizikumbukira kuti chimene chimatuluka pa sikirini sichichokera pa utoto wolembedwa pa batani, chimachokera pa zimene kompyuta yauzidwa. N'chifukwa chake kiyibodi ya kaunjika yochokera ku Malawi kapena ku Joni, yopanda Ç, imalembabe Ç mukaiuza kompyuta kuti ndi ya Chipwitikizi. Ndinayesa za Dvorak masabata awiri, n'kuzisiya. Anaziyala poganizira Chingerezi, zilibe Ç kapena kanjoka kaja, ndipo theka la ntchito yanga ndi Chipwitikizi. Chinanso, zimene zalembedwa pa mabatani zimasiyana ndi zimene zikutuluka, kotero kuti mwana wanga akafuna kulemba ntchito yake ya kusukulu pa kompyuta yomweyo ankangolira. Kwa munthu amene amalemba Chingerezi chokhachokha pa kompyuta yake yekha, mwina n'zabwino.

Njira imene inandikopa kwambiri ndi ya kalilole, ndipo pano ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi yanzeru. Anaitulukira Edgar Matias wa ku Canada, ndipo amaitcha Half-QWERTY. Maganizo ake ndi akuti, munthu amene anaphunzira kulemba ndi zala khumi, mutu wake umadziwa kale kuti chilembo chakuti ndi cha chala chakuti. J ndi wa mkombaphala wa kumanja, F ndi wa mkombaphala wa kumanzere. K ndi wa chala chapakati cha kumanja, D ndi wa chapakati cha kumanzere. Ndiye dzanja lotsalalo limakhala pamalo ake akale, n'kumalemba zilembo zake monga kale. Likafuna chilembo cha dzanja linalo, chala chachikulu chimagwira batani lalitali la mpata, ndipo mabatani onse amatembenuka ngati pa kalilole. F amasanduka J, D amasanduka K, S amasanduka L, E amasanduka I, R amasanduka U, W amasanduka O, V amasanduka M, B amasanduka N. Mukangodina batani lalitalilo n'kulisiya, limaika mpata monga mwa masiku onse.

Titenge mawu oti mvula. Ndigwira lalitali ndi V, watuluka m. Ndisiya lalitali, V yekha, watuluka v. Lalitali ndi R, u. Lalitali ndi S, l. Kenako A yekha. Dzanja silinachoke pamalo. Matias ndi anzake awiri, Scott MacKenzie ndi William Buxton, anayesa njirayi pa anthu odziwa kale kutaipa n'kufalitsa zotsatira mu 1993. Anapeza kuti patatha maola pafupifupi 8 akuphunzira, anthuwo anafika theka la liwiro lawo la manja awiri, ndipo patatha maola 10 anali pakati pa 41 ndi 73 pa 100 alionse a liwiro lakale. Maola, abale, osati miyezi. Kampani ya Matias inapanga makiyibodi otere, nawonso okwera mtengo, koma mnyamata wodziwa makompyuta angathe kukonza zofananazo pa kiyibodi wamba ndi pulogalamu yaulere yotchedwa AutoHotkey. Mphunzitsi uja anandiikira, ndipo n'zoona, dzanja langa lamanzere linkadziwa zinthu zimene sindinaliphunzitsepo. Ndinachita mantha pang'ono. Ndipo ndi pulogalamu imeneyo ngakhale ya magemu ya mphwanga ija inayamba kulemba moni.

Nanga bwanji sindinakhazikike pamenepo? Zifukwa ziwiri. Choyamba, ukafulumira, chala chachikulu chimachedwa kusiya batani lalitali, ndiye pamene umafuna mpata pamatuluka chilembo cholakwika. Pa uthenga wa maliro, kulakwitsa dzina la womwalira si nkhani yoseketsa, aulutsi athu akudziwa zimene zimachitika pakhomo pa wailesi m'mawa mwake. Chachiwiri ndi chachikulu: ine sindilemba pa kompyuta imodzi. Lolemba ndili pamsika, Lachitatu ndili kuno kulemba za kalabu, nthawi ya mayeso amandiitana kusukulu kukathandiza ma pauta. Makompyuta a eni sungamaikemo mapulogalamu ako, ena amakhala otseka ndithu. Ndinafuna njira imene ndingayende nayo m'thumba ndi m'mutu. Koma ndinene mosabisa, amene anali katswiri wa zala khumi ndipo amagwira pa kompyuta imodzi, ayambe wayesa ya kaliloleyi. Amene sanaphunzirepo zala khumi, imeneyi simuthandiza, chifukwa palibe chimene kalilole angabwezere.

Ndiye ndinabwerera ku kiyibodi wamba, ya QWERTY yomwe ija inayamba ndi makina a Remington mu 1874, koma ndi kakhalidwe kena ka dzanja. Aphunzitsi a kulemba ndi dzanja limodzi amati ika zala zinayi pakati, pa F, G, H ndi J. Mukapapasa F ndi J mupeza timizere totukuka, ndi timene timakuuza kuti wafika pakhomo osayang'ana. Kuchokera pamenepo dzanja limapita kumanzere ndi kumanja n'kubwerera. Wa dzanja lamanja amaika mkombaphala pa F, kachala kakang'ono pa J. Wa lamanzere ngati ine, kachala kakang'ono pa F, mkombaphala pa J.

Apa ndi pamene chilankhulo chathu chinandipatsa phunziro. Chichewa chimadya chilembo cha a kuposa china chilichonse. Tawerengani nane: amalawira m'mamawa kukagula mbatata. Zilembo zonse ndi 31, ndipo mwa izo 12 ndi a. Tsono A ali kumapeto kwenikweni kumanzere. Kwa wa dzanja lamanja zili bwino, amapita ndi mkombaphala, chala champhamvu. Koma kwa ine ntchito yonseyo inagwera kachala kakang'ono, kuchoka pa F kudumpha D ndi S kukafika pa A, kambirimbiri pa mzere uliwonse. Patatha sabata kachalako kanatupa, ululu n'kukwera mpaka m'chigongono. Ndinachita mantha kwambiri kuposa tsiku la ngozi, chifukwa ndinaona kuti ndikupha dzanja lomaliza. Ndiye ndinasamutsa mudzi. Tsopano kachala kakang'ono kamakhala pa S, pafupi ndi A, mkombaphala pa G, ndipo mbali yonse ya kumanja, kumene kuli I, O, U, K, L, M ndi N, ndimapitako ndi mkombaphala ndi chala chapakati, zimene zili ndi mphamvu. Si mmene mabuku amanenera, koma mabukuwo sanalembedwere anthu onena kuti amalawira m'mamawa.

Popeza dzanja limodzi likuyenda ulendo wa awiri, kukula kwa kiyibodi kumakhala nkhani. Kiyibodi yaikulu ya mu ofesi ili ndi mabatani 104 kapena 105, ndipo m'litali imafika pafupifupi masentimita 45. Kuchoka pakati pa batani lina kufika pakati pa linzake ndi mamilimita 19. Chigawo cha manambala cha kumanja chija chimangotalikitsa ulendo wopita ku mausi. Choncho ndinaganiza kuti yaing'ono ndiyo yabwino, ndipo ndinapitirira muyeso. Nayi yachiwiri, ndinaigula ndekha mumzinda. Kokongola eti? Kakang'ono ngati buku la nyimbo. Koma kuti akachepetse chonchi anachotsa mivi inayi ija yoyendera, anachotsa Delete, anachotsa mzere wa F1 mpaka F12, n'kuzibisa pansi pa batani lotchedwa Fn. Ukafuna muvi ugwire Fn ndi batani lina nthawi imodzi. Ndipo Fn ameneyu Sticky Keys samudziwa, chifukwa amagwira ntchito m'kati mwa kiyibodi momwemo, Windows samuona. Ndiye ndinagula ndi ndalama zanga vuto lomwe lija ndinkalithawa. Kuonjezera apo ndi ya mabatire, ndipo anandithera pakati pa kalata ya munthu wofunsira ntchito tsiku lotsekera.

Yachitatu ndi iyi, ndipo ndi imene imadyetsa banja langa. Siyokongola. Ilibe chigawo cha manambala, koma mivi ilipo, Delete alipo, mzere wapamwamba ulipo, chilichonse pa batani lakelake. Ndi ya chingwe cha USB, ndimangoitsomeka pa kompyuta iliyonse, ndidine Shift kasanu, ntchito yayamba. Mabatani ake ndi ofewa, safuna kumenya. Zilembo zake ndi za Chipwitikizi, kotero kuti zimene ndikuona ndi zimene zikutuluka, ndipo zimenezi n'zofunika chifukwa wa dzanja limodzi amayang'ana pansi kawirikawiri kuposa wa manja awiri, makamaka miyezi yoyamba. Inali yotsika mtengo kuposa ziwiri zinazo. Mukapita kukagula, musachite manyazi, tambasulani dzanja pamwamba pake m'sitolo momwemo. Onani ngati kuchokera pa A mungafike pa L osanyamula chigongono. Amene ali ndi manja aang'ono, amayi ndi ana, afunse za mabatani oyandikana kwambiri ngati a malaputopu aang'ono. Amene zala zawo ndi zazikulu ngati za abambo akhala pakhomowo, yothinana iwapweteka, azidina awiriawiri. Ndipo amene muli ndi laputopu, kiyibodi yake ndi yaifupi kale, yambani ndi yomweyo.

Kakhalidwe nakonso. Kiyibodi isakhale pakati pa mimba monga kale. Ikankhireni ku mbali ya dzanja lamoyo, kuti pakati pa zilembo payang'anane ndi phewa, ndipo muipendeketse pang'ono mpaka mkono ukhale wowongoka osapindika pa mfundo. Pansi pake ndinayala chidutswa cha chubu cha njinga kuti isamathawe, popeza palibe dzanja lina loigwira. Mausi ndinaisamutsira kumanzere, pafupi penipeni, ndipo mu Windows ndinasinthanitsa mabatani ake awiri kuti mkombaphala ndiye azidina. Ife a lamanzere tilinso ndi kamwayi kena: Ctrl ndi C, X, V ndi Z, zokopera, kudula, kumata ndi kubweza, zonse zili pansi pa dzanja lathu.

Komanso ndinaphunzira ulesi wabwino, wosalemba kawiri chinthu chimodzi. Requerimento iliyonse imayamba ndi Excelentíssimo Senhor ndipo imatha ndi Pede deferimento. Mu Word muli malo otchedwa Correção Automática, pamene mumaiuza kuti ndikalemba tizilembo takuti, iwe uike mawu akuti. Ine ndikalemba xs pamatuluka Excelentíssimo Senhor Director, ndikalemba xp pamatuluka Pede deferimento. Ndinasankha x chifukwa m'Chichewa chimene ndimalemba ine sapezeka. Makalata amene amabwerabwera ndinawasunga okonzakonza, ndimangosintha dzina, nambala ya BI ndi tsiku. Kunena zoona, apa ndi pamene ndinapezanso nthawi yambiri kuposa pa kiyibodi ina iliyonse, ndipo ndimadzifunsa chifukwa chimene sindinkachitira zimenezi ndili ndi manja awiri.

Ena andifunsa za kulankhula, kuti kompyuta izilemba yokha. Zilipo. Pa Windows 11 mukadina batani la Windows ndi H imamvetsera, ndipo Chipwitikizi imamva, koma imafuna intaneti, ndipo Chichewa palibe pa mndandanda wake. Pamsika pomwe chigayo chikulira ndi anyamata a minibasi akukuwa, imalemba zamisala. Komanso munthu amene akundiuza za mlandu wa munda kapena za matenda ake safuna kuti ndizibwereza mokweza. Kunyumba usiku imandithandiza pa makalata aatali a Chipwitikizi, basi.

Za foni sindichedwapo, achinyamata mukundiposa. Paja mafoni akale a mabatani aja tonse tinkalemba ndi chala chachikulu chimodzi, dzanja lina lili pa khasu. Pa mafoni a masiku ano, kiyibodi ya Gboard ili ndi njira ya dzanja limodzi imene imaichepetsa n'kuikankhira kumbali, ndiponso mungalembe pongotsetsereka chala pa zilembo osachinyamula. Ndipo ndi kachingwe kotchedwa OTG, kiyibodi yangayi imalowa pa mafoni ambiri, moti magetsi akathima ndimapitiriza pa foni.

Ndibwerere ku ululu uja, chifukwa ndi pamene pali ngozi yeniyeni. Dzanja limene latsala likugwira khasu, likumanga mabatani a malaya, likunyamula ndowa, ndipo tsopano likulembanso za awiri. A fisioterapia amene ankandiona anandiuza kuti ndiziyamba pang'ono, ndizipuma pafupipafupi, ndipo ndikamva dzanzi kapena kuyaka m'zala ndisiye tsiku limenelo. Ndinayamba ndi mphindi 15 m'mawa ndi 15 madzulo. Lero ndikalemba makalata awiri ndimaimirira, kutambasula zala, kucheza pang'ono ndi amayi ogulitsa tomato, n'kubwerera. Dzanzi likapitirira masiku angapo, makamaka lodzutsa usiku, pitani kuchipatala, musadikire kuti lizolowere.

Mwina mukufuna kudziwa kuti ndafika pati. Requerimento imene kale inkanditengera mphindi 5, lero imatenga 8 kapena 10. Kalata yatsopano yaitali ndimachedwa nayo kawiri kuposa kale, ndipo sindikuganiza kuti zidzasintha kwambiri. Zinanditengera miyezi inayi kuti ndisiye kusakasaka zilembo. Makasitomala ena anapita ndipo sanabwerere. Mayi uja anatopa tsiku loyamba anabweranso chaka chatha ndi kalata ya mwana wake, sananene kanthu za tsiku lija, inenso sindinanene. Mbuzi sitinagule.

Pempho langa kwa a wapampando ndi akuluakulu a wailesi ndi ili. Makompyuta awiri ali m'chipinda chathu chophunziriramo aja, tiyatse Sticky Keys pa imodzi, tiikepo kiyibodi yaifupi, ndipo tilengeze pa pulogalamu ya Loweruka kuti aliyense wa dzanja limodzi, mwana kapena wamkulu, abwere. Ine Lachitatu lililonse ndimakhala pano kuyambira 14 koloko, ndidzakhala naye. Ndikudziwa mtsikana wina wa kuseri kwa phiri amene anasiya sukulu atapsa dzanja, makolo ake ali m'gulu lathu lomvera la kumeneko, ndipo ndikupempha amene mukuchokera mbali imeneyo mukawauze.

Makiyibodi atatuwa ndawasiya patebulopa. Tikamwa tiyi bwerani muwagwire, dzanja limodzi muike m'thumba, muyese kulemba dzina lanu. Ya magetsiyo amene ali ndi mwana wosewera magemu atenge, koma mphwanga asamve.